Uthenga wa Edzi usamathere pa boma

Achinyamata anzathu, tikamayenda m'midzi pa ntchito yathu ya zaumoyo timapeza kuti palibe munthu amene sanamvepo za Edzi. Matendawa anapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, ndipo ngakhale mwana wa ku pulayimale amawatchula. Koma kumva za Edzi ndi kudziwa zoona zake ndi zinthu ziwiri zosiyana. Vuto lomwe tikuliona ndi lakuti uthenga watsopano umathera m'tauni ndi pa boma, pomwe kumudzi anthu akadagwiritsabe uthenga wakale. Chonsecho kalembera wa mu 2018 anaonetsa kuti anthu oposa 80 mwa 100 alionse m'Malawi amakhala kumudzi.

Taonani zitsanzo izi. Ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004. Nthawi imeneyo munthu amadikira kuti chitetezo cha m'thupi chitsike asanayambe kumwa mankhwala. Kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo ka HIV amayamba mankhwala posachedwa, ngakhale akuoneka wathanzi. Komabe timakumana ndi anthu amene anayezetsa, n'kubwerera kunyumba kukadikira kuti adwale kaye.

Enanso sadziwa za mankhwala a PEP. Mtsikana akagwiriridwa, kapena kondomu ikaphulika, pali mankhwala omwa masiku 28 oteteza kuti kachirombo kasakhazikike m'thupi. Koma ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Mtsikana wosadziwa izi amabisala m'nyumba ndi manyazi mpaka masiku atatu aja atatha. Apa kusadziwa kumamutayitsa mwayi wosabwereranso.

Palinso zipangizo zodziyezera wekha zopaka m'nkhama. Ena ataziona anayamba kufalitsa zoti kachirombo kamafala kudzera m'malovu. Ili ndi bodza. Chipangizocho sichifufuza kachirombo, chimafufuza asilikali amene thupi limapanga likakumana ndi kachiromboko. Kudyera mbale imodzi kapena kumwera chikho chimodzi sikupatsira HIV. Bodza lotere likasiyidwa limabala kusalana.

Ena anganene kuti masiku ano mafoni ali ponseponse, choncho uthenga ukufika. Ife tikukana. Pa banja foni imakhala imodzi, ndipo kawirikawiri imakhala m'thumba la bambo. Kodi mtsikana angafunse za kondomu pa foni ya bambo ake? Komanso foni yomweyo ndiyo imabweretsa mauthenga a anthu odzitcha ochiritsa Edzi, amene amachititsa odwala kusiya ma ARV. Mapositala nawo amapachikidwa kuchipatala, ena m'Chingerezi, pomwe agogo amene akulera ana amasiye sadziwa kuwerenga.

Ndiye tichitenji? Maganizo athu ndi akuti makalabu a achinyamata ndiwo mlatho. Nyuzileta ino mukailandira musaitsekere m'chikwama cha mlembi, iwerengeni mokweza pa msonkhano wa mfumu, kutchalitchi ndi kumzikiti. Mverani limodzi mapologalamu a zaumoyo pa wailesi, kenako mukambirane. Ikani bokosi loponyamo mafunso osalemba dzina, ndipo muitane mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kamodzi pa mwezi kuti adzayankhe. Chitani zisudzo pa tsiku la msika m'chilankhulo cha anthu a komweko, kaya Chichewa, Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena. Koma musanakwere pa bwalo, tsimikizani mfundo zanu kwa a zaumoyo, chifukwa sewero losangalatsa lonyamula bodza limawononga kuposa kukhala chete.

Nafenso a zaumoyo tili ndi mbali yathu. Tisamakalipire wachinyamata wobwera kudzafunsa, ndipo tizisunga chinsinsi chake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tiyeni tifunse, timve zoona, ndipo tikauze anzathu amene ali kutali ndi chipatala.