Dothi lomwe timalinyozali ndi limene lidamutchukitsa Francis Kéré

Aliyense amene adaphunzirapo m'kalasi ya malata mwezi wa Okutobala akudziwa mmene zimakhalira. Ikangokwana 11 koloko mutu sugwiranso, aphunzitsi thukuta kamukamu, ana kumangosinza. Timaloza chala dzuwa, koma katswiri wina wojambula mapulani a nyumba wa ku Burkina Faso adaonetsa kuti vuto lalikulu ndi kamangidwe.

Dzina lake ndi Diébédo Francis Kéré. Adabadwa mu 1965 m'mudzi wa Gando, komwe kudalibe sukulu. Bambo ake adali mfumu ya mudzi, ndipo adamutumiza kukaphunzira ku Tenkodogo ali ndi zaka 7. Kumeneko adakumana ndi kalasi ya mabuloko a simenti, yotentha, yamdima, ana thithithi. Mu 1985 adapeza mwayi wopita ku Germany kudzera mu ukalipentala, ndipo patsogolo pake adalowa pa Technische Universität Berlin kukaphunzira zojambula nyumba.

Asanamalize n'komwe maphunzirowo, adasonkhetsa ndalama n'kubwerera kwawo kukamanga sukulu ya pulayimale, yomwe idatha mu 2001. Anthu a ku Gando atamva kuti akufuna kumanga ndi dothi, sadakondwe ayi. Munthu wochokera ku Ulaya n'kudzatiuzanso za dothi?

Koma taonani zimene adachita. Dothilo adalisakaniza ndi simenti pang'ono n'kulipsinja pa makina, osawotcha. Makoma otere amachedwa kutentha. Maziko adamanga ndi miyala. Siling'i nayo ndi ya njerwa zadothi zokhala ndi timipata, ndipo malata adawakweza m'mwamba pa zitsulo, osakhudza siling'iyo. Mpweya wozizirira umalowera m'mawindo, wotentha n'kutulukira pamwamba. Dengalo ndi lotambalala kwambiri moti mvula sifika pa khoma. Palibe fani, palibe bilu ya magetsi. Ndipo amene adatuta miyala, kutunga madzi ndi kumanga ndi eni mudzi, kotero luso lidatsala pomwepo.

Sukuluyi idapata mphoto ya Aga Khan mu 2004. Mu 2017 adajambula Serpentine Pavilion ku London, ndipo mu 2022 adakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Pritzker, yomwe ndi chimake pa ntchitoyi. Ku Turkana m'dziko la Kenya adatengera nzeru ya chulu pomanga nsanja zotulutsa mpweya wotentha pa sukulu ya zamakompyuta. Ngakhale apa pa Tete pali sukulu ya Benga Riverside yomwe adajambula ndi iyeyo.

Nanga ifeyo zikutikhudza pati? Mu 2018 boma la Malawi lidaletsa njerwa zowotcha pa zomangamanga zaboma ndi zamalonda pofuna kupulumutsa mitengo. Ambiri tidangothamangira ku mabuloko a simenti, omwe aja adavutitsa Kéré ali mwana, chonsecho simenti ikukwera mtengo ngati ili ndi mapiko. Njerwa zadothi zopsinja ndi zololedwa, koma timaziona ngati zaumphawi.

Mantha ake ndi omveka. Namondwe wa Freddy mu 2023 adagwetsa nyumba zambiri za zidina, ndipo amene adaona zimenezo simungamunyengerere ndi zithunzi zokongola za pa Instagram. Kéré naye sakunena kuti dothi limachita matsenga. Limafuna maziko olimba, denga loteteza khoma, amisiri ophunzitsidwa ndi malo oyenera. Nyumba yomangidwa m'njira ya madzi ipita basi, kaya ndi ya simenti kaya ndi ya dothi.

Ndiye khonsolo ikalengeza zomanga buloko ya sukulu m'dera lanu, musamangofunsa kuti yadya ndalama zingati. Funsaninso kuti pulani wajambula ndani, mpweya wotentha uzitulukira pati, komanso anyamata ndi atsikana angati a m'deramo aphunzirepo ntchito. Amene adzakhale mkatimo masana a Okutobala ndi ang'ono athu.