Chigamulo cha Shehe Adinda Ndani?



Mwezi wathawu ndinali ku Mzimba, cha ku Engucwini, kukapepesa maliro. Malemuwo anali Mngoni amene analowa Chisilamu akugwira ntchito ku Johannesburg, ndipo anamanga nikaha ndi mlongo wathu wa ku Nkhotakota. Eda isanathe n'komwe, akuchimuna anali atayamba kale kuwerenga ng'ombe m'khola. Kumeneko ndi kwa malowolo, ana ndi katundu zimayang'ana kuchimuna. Shehe anafotokoza za mirasi, kuti mayi wamasiye amene wasiyidwa ndi ana amalandira gawo limodzi mwa magawo 8, ana nawonso magawo awo. Anthu anamvetsera mwaulemu, kenaka mkulu wina anafunsa kuti, "Nanga chigamulo chimenechi adinda ndani?" Shehe anangoti chete.

Mkuluyo sananame. M'Malawi muno mulibe bwalo la Kadhi. Ku Kenya lilipo. Malamulo oyendetsera dzikolo a 2010 amalola Kadhi kuweruza nkhani za ukwati, talaka ndi mirasi, pokhapokha okanganawo onse ali Asilamu ndiponso avomera kupita kumeneko. Milandu ya kuba kapena kupha sifika pa bwalolo ayi. Izi tizizinena poyera, popeza anansi athu akangomva mawu oti Shariya amaganiza za zikwapu ndi kudula manja.

Kwathu kuno lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa chipembedzo, koma zikavuta nkhani imakathera ku khoti la boma. Munthu akamwalira wopanda wilu, chuma chake chimagawidwa motsata lamulo la 2011, osati mirasi. Lamulolo sindikulinyoza. Limaika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu.

Ine bwalo la Kadhi ndimalifuna, ndipo atsogoleri athu akalipemphe ku Nyumba ya Malamulo. Koma likadzabwera, Insha Allah, lidzakhale loti mayi azilankhula yekha, osati kumuyankhulira ali kuseri kwa chitseko.

Pakali pano abambo, lembani wilu yotchula magawo a mirasi, musaine pamaso pa mboni ziwiri. Ena amati kutero ndi kudziitanira imfa, ngati kuti imfa imadikira kalata! Amayi, chikalata cha nikaha sungani nokha.

Mlongo wathu uja chikalata anali nacho, wilu panalibe. Ng'ombe ziwiri zinali zitagulitsidwa kale pamene ndimakwera basi yobwerera kunyanja.