Katupe wa m'nyanja zamchere atheretu

Kwathu kuno munthu wothira katupe padziwe amatengedwa ngati mdani wa mudzi. Iye amatola nsomba tsiku limodzi, anzake n'kukhala miyezi osalawa ndiwo za m'dziwemo. Lero tikufuna tinene za katupe wina woopsa kuposa wathuyu, yemwe adayamba kuthiridwa m'nyanja zamchere za ku Philippines m'zaka za m'ma 1960, kenaka n'kufalikira ku Indonesia.

Zina mwa nsomba zomwe akufuna kumeneko si zandiwo ayi. Ndi tinsomba tamawangamawanga tomwe anthu a ku America, ku Ulaya ndi ku Japan amasunga m'mathanki agalasi pabalaza kuti azingotionerera. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe la UNEP lidanena m'chaka cha 2003 kuti nsomba zotere pakati pa 20 ndi 24 miliyoni zinkagulitsidwa chaka chilichonse, ndipo zambiri mwa izo zidali zogwidwa m'nyanja osati zoweta.

Tinsombati timakhala m'matanthwe a korali. Kuti timvane bwino, korali si mwala wamba. Ndi tizilombo tamoyo tating'onoting'ono tomwe timamanga matanthwe pang'onopang'ono kwa zaka mazanamazana. Matanthwewa sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a pansi pa nyanja, komabe amasunga pafupifupi mtundu umodzi mwa mitundu inayi iliyonse ya zamoyo za m'nyanja. Ndimo momwe nsomba zambiri zimaswerana, ndiponso ndiwo amatchinga mafunde kuti asagumule midzi ya m'mphepete.

Chomwe chimachitika ndi ichi. Msodzi amasungunula poizoni wa cyanide m'botolo lapulasitiki, n'kumira nalo, n'kufinyira m'ming'alu momwe nsomba yabisala. Nsombayo imachita chizungulire ndipo amangoitola. Ikakanirira mkati, amaswa thanthwelo ndi chitsulo. Korali wokhudzidwa ndi poizoniyo amayera mbuu, kenaka n'kufa. Nsomba zambiri zogwidwa motere zimafera panjira kapena m'thanki ya wogula, ndipo wogulayo amangobwerera kusitolo kukatenga ina.

Alipo ena omwe amati mlandu wonse ndi wa msodzi. Ife tikuti ayi. Asodzi ambiri ndi amphawi omwe amamira ataluma paipi ya mpweya wochokera ku kompuresa, ndipo ena amapuwala ziwalo chifukwa cha kamiridwe kameneka. Amalandira kandalama kochepa pa nsomba yomwe ikagulidwe pa mtengo wokwera kambirimbiri ku London kapena ku Los Angeles. Nthawi zambiri poizoniyo amachita kupatsidwa pangongole ndi wamalonda yemwe amawagula nsombazo. Nanga korali akafa, woyamba kugona ndi njala ndani? Ndi msodzi yemweyo ndi ana ake.

Malamulo alipo. Dziko la Philippines lidaletsa kugwira nsomba ndi poizoni m'chaka cha 1975 ndipo lidabwerezanso m'lamulo la zausodzi la 1998. Nalo dziko la Indonesia lidaletsa. Ku America lamulo la Lacey Act limaletsa kulowetsa m'dzikomo zamoyo zogwidwa mophwanya malamulo a dziko lina. Koma lamulo lopanda wolilondola ndi pepala chabe. Nsomba ikafika pabwalo la ndege siyankhula, ndipo kuiyeza kuti adziwe ngati idagwidwa ndi poizoni ndi kovuta.

Komatu njira ina ilipo. M'mudzi wa Les pa chilumba cha Bali, asodzi adasiya cyanide kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 n'kuyamba kugwira ndi timaukonde tating'ono. Ku Hawaii, khoti lalikulu lidagamula m'chaka cha 2017 kuti ziphaso zogwirira nsomba zoterezi siziyenera kuperekedwa boma lisadaunike momwe malondawa akukhudzira chilengedwe. Mitundu ina, monga clownfish, tsopano imaswanitsidwa m'mathanki.

Choncho ife tikupempha maiko ogula kuti asamalandire katundu wosaonetsa komwe nsomba idagwidwa ndi momwe idagwidwira. Amalonda alipire bwino msodzi wogwira ndi ukonde, chifukwa ntchito yake imatenga nthawi. Wogula naye afunse mafunso asadatulutse ndalama.

Mwina wina afunsa kuti nkhaniyi ikutikhudza bwanji ife Amalawi, poti tilibe nyanja yamchere. Msika womwewu wa nsomba zokongoletsa nyumba ndi womwe umagula mbuna za m'miyala ya nyanja ya Malawi, nsomba zomwe zidachititsa kuti Lake Malawi National Park ikhazikitsidwe m'chaka cha 1980 ndi kuti bungwe la UNESCO liizindikire mu 1984. Sitikunena kuti mbuna zathu zimagwidwa ndi poizoni. Tikungoti nthambi ya zausodzi iziuza anthu poyera kuti ndani ali ndi ziphaso zotumiza nsombazi kunja, zimatuluka zingati pachaka, ndipo midzi ya m'mphepete mwa nyanja imapindulapo chiyani.

Anzathu a ku Philippines adazindikira matanthwe ambiri ataonongeka kale. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.