Ma DJ akulowerera m'mafilimu, koma kumeneko si ku kalabu

Ngati munaonera Mad Max: Fury Road ya 2015, ng'oma zogunda pamtima zija anapanga ndi Junkie XL, mkulu wa ku Netherlands yemwe poyamba ankavinitsa anthu m'makalabu. Sali yekha. Daft Punk anapeka nyimbo za Tron: Legacy mu 2010, The Chemical Brothers nawo anagwira za Hanna mu 2011.

Akufunako chiyani? Nyimbo ya m'kalabu sichedwa kutha fasho, lero ili pa TikTok, mawa yaiwalika. Filimu imaonetsedwa zaka ndi zaka, ndipo ikamawulutsidwa pa TV wopeka nyimbo amalandirapo kangachepe.

Koma musaone ngati n'zophweka. Ku kalabu DJ ndiye mfumu, pomwe mufilimu amamvera dairekita. Osewera akamayankhula biti iyenera kutsika, pena kukhaliratu chete. Ngakhale Daft Punk kompyuta yokha sinawakwanire, anachita kuwonjezera gulu lalikulu la oimba ndi zida zenizeni.

Ndiye inu opanga mabiti kuchipinda, tayesani izi: tengani kagawo ka filimu, zimitsani sawundi, muikemo yanu. Kuvinitsa anthu mumatha kale. Nanga kuwaliza popanda woimba ngakhale liwu limodzi, mungathe?