M'mera Mpoyamba: Kodi Ana Athu Akuphunziranji ku Mkombaphala?

Mwambi wa lero ndi wodziwika kwambiri moti ngakhale boma linaubwereka. Makolo athu ankati m'mera mpoyamba. Mlimi akayendera munda wake patatha masabata awiri mvula yobzalira itagwa, amayamba kudziwa ngati nkhokwe idzadzaze chaka chimenecho. Chimanga chikamera chonyozoloka ndi chachikasu, ngakhale mudzathire feteleza wochuluka bwanji mu Januwale, sichifika pamene chikadafika. Masiku ano sukulu za ana a zaka zitatu mpaka zisanu zimatchedwa sukulu za m'mera mpoyamba. Ena amati sukulu za mkombaphala, ena sukulu za mkaka, pamene a m'tauni amati nazale. Liwu lomalizali si lachilendo kwa mlimi wa fodya wa ku Kasungu kapena ku Dowa, pakuti pa nazale ndi pamene amafesa mbewu, nathirira mbande mpaka zitakhwima kuti akaziwokere kumunda.

Mayina onsewa ndi abwino. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi zimene ife makolo tikuyembekezera kuti mwana azibwera nazo kunyumba Lachisanu lililonse.

Mwaziona nonse. Kunyumba kukabwera alendo, mwana wa zaka zinayi amaitanidwa, naimirira manja kumbuyo, n'kulakatula masiku a sabata, miyezi ya chaka ndi ziwalo za thupi m'Chingerezi. Alendo amaomba m'manja, mayi wake nkhope ili ngwee. Koma mumufunse mwana yemweyo kuti lero ndi lachingati, angoyang'ana pansi. Mumuikire nthanga za maungu zisanu ndi ziwiri pamphasa kuti awerenge, ayimba kuchokera pa wani mpaka twente, chala chikungodumphadumpha osakhudza nthanga ngakhale imodzi. Mwanayo akudziwa nyimbo ya manambala, koma nambala yeniyeniyo sanaidziwe. Pakhoma la kalasi lake papachikidwa chithunzi chonena kuti lemba loyamba limaimira apulo, chipatso chimene ana ambiri akumudzi sanachilawepo, pamene mango ali mbwee pabwalo la sukulu yomweyo.

M'sukulu zina zolipira za m'tauni zinthu zafika pena. Mwana amene sanayambe kumanga yekha mabatani a malaya akupatsidwa ntchito yokalembera kunyumba, akulemba mayeso pakutha pa teremu, ndipo akuuzidwa kuti wakhala nambala 23 pa ana 30. Chaka chikatha amamuveka mkanjo ndi chipewa cha anthu otsiriza maphunziro a ku yunivesite, makolo atakongola ndalama zojambulitsira zithunzi. Zimaoneka zokongola ndithu. Koma akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Makolo amene amafuna Chingerezi ali ndi zifukwa zomveka, ndipo sindingawanyoze. M'dziko muno munthu sapatsidwa setifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi, ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Ntchito za muofesi zimafunsidwa m'Chingerezi. M'chaka cha 2014 boma linalengeza kuti Chingerezi chikhale chiyankhulo chophunzitsira kuyambira Sitandade 1, kusiya dongosolo limene ine ndinagwira nalo ntchito zaka zambiri, lakuti ana aphunzire m'chiyankhulo chawo mpaka Sitandade 4. Tsono kholo likaona zonsezi limati mwana wanga ayambe msanga. Cholinga n'chabwino, koma njira yake ndiyo yokhota. Mwana amamanga chiyankhulo chachiwiri pamwamba pa choyamba. Amene amatha kufotokoza m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyawo kapena m'Chisena zimene zinachitika dzulo, kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndi chifukwa chake zinachitika, ameneyo akadzapatsidwa mawu a Chingerezi amakhala ndi poti awaike. Bungwe la UNESCO linanena kale m'chaka cha 1953 kuti mwana amaphunzira bwino m'chiyankhulo cha kwawo, ndipo aphunzitsi a Sitandade 1 anazidziwa izi asanaziwerenge paliponse.

Choseketsa n'chakuti kuloweza kumene timakuyesa chizungu, azungu amene anayambitsa sukulu zimenezi sanakufune n'komwe. Friedrich Froebel, mphunzitsi wa ku Germany, anatsegula malo a ana aang'ono m'tauni ya Bad Blankenburg m'chaka cha 1837, ndipo m'chaka cha 1840 anawatcha Kindergarten, kutanthauza munda wa ana. Taonani, nayenso anaganiza za munda ngati makolo athu! Ana ake ankawapatsa timipira ta ulusi ndi timatabwa tomangira, ankayimba nawo, ndipo ankawagawira timabedi toti azibzalapo mbewu. Boma la Prussia linaziletsa sukulu zimenezi m'chaka cha 1851 poziganizira kuti zikufalitsa maganizo oukira, ndipo chiletsocho chinachotsedwa m'chaka cha 1860, mwini wake atamwalira kale.

Ife sitinadikire Froebel kuti tidziwe zakuti mwana amaphunzira posewera. Anthu akakolola, ana ankapita kukakunkha zotsala m'minda, namanga timisasa ta mapesi kunja kwa mudzi. Amenewo anali masanje. Wina ankakhala bambo, wina mayi, wina mfumu, ndipo sipankalephera kupezeka wofuna kukhala fisi wodzaba ndiwo. Kamtsikana kankaphunzira pamenepo kuti ufa ukachuluka kuposa madzi nsima imalimba ngati mwala, ndipo kankaphunzira chifukwa anzake ankakaseka, popanda wokapatsa malikisi. Mkangano ukabuka, mfumu ya zaka zisanu ndi ziwiri inkaweruza mlandu monga inaonera kubwalo. Nanga phada? Kuponya mwala m'mwamba, kutulutsa timiyala m'kadzenje, kubwezeramo n'kutsala ndi kamodzi, kenaka tiwiri, kenaka titatu, mwala uja usanagwe pansi. Ndiuzeni ngati pali buku la masamu limene lingaphunzitse diso, dzanja ndi mutu pa nthawi imodzi chotero. Madzulo kunali nthano pamoto, ana akuvomera kuti "Tili tonse," ndipo amene wagona ankadziwika chifukwa mawu ake ankasowa.

Sindikunena kuti tibwerere ku masanje n'kutseka sukulu. Midzi yasintha, amayi ali kumsika ndi kuntchito, ndipo agogo ambiri akukhala kutali ndi adzukulu awo. Ndikunena kuti kalasi la mkombaphala litenge mzimu wa masanje n'kuupatsa dongosolo la sabata ndi sabata.

Tiyerekeze kuti mlezi wasankha kuti sabata ino mutu wake ndi nkhuku. Sipafunika kugula kanthu. Lolemba m'mawa ana akhala pamphasa mozungulira, ndipo aliyense anena zimene anaona kukhola la kwawo. Pamenepo atola mawu: tambala, thadzi, msoti, mwanapiye, kuikira, kufungatira, kuswa. Mwana wina anena kuti thadzi lawo linajiwa ndi galu, nkhani n'kutalika, anzake akumufunsa mafunso. Mlezi wanzeru saidula nkhaniyo, chifukwa ndiyo phunziro lenileni la tsikulo, ndipo amayang'anitsitsa kamwana kamene kakhala chete kumbuyo kuti nako kalankhuleko ngakhale mawu awiri. Paja mbewa yamanyazi inafera kuuna. Kenaka aponya mwambi wophiphiritsa, "Ndagi!" ana n'kuyankha "Gize!" Nyumba ya amayi yopanda khomo. Adzaphonya kangapo, wina adzati chulu, wina dzungu, mpaka mmodzi adzafuule kuti dzira.

Lachiwiri aumba mazira a dongo. Mwana aliyense aumbe asanu ndi awiri, kenaka awagawire mathadzi awiri mofanana. Apa ndi pamene pamakoma, pakuti dzira limodzi limatsala, ndipo ana amakangana kuti lipite kuti. Wina afuna kuliphwanya pakati, wina aumba lina kuti akwane. Mwana ameneyu wakhudza ndi manja ake kusiyana kwa nambala yogawika pawiri ndi yosagawika, zaka ziwiri kapena zitatu asanamve dzina lake m'kalasi. Ngati m'mudzimo muli thadzi limene layamba kufungatira, ana azilemba kamzere kamodzi ka makala pakhoma m'mawa uliwonse. Nkhuku imafungatira masiku 21, ndipo tsiku limene anapiye adzaswe, ana amenewo adzaidziwa 21 kuposa amene anangoiyimba. Adzaphunziranso kudikira, chinthu chimene sichiphunzitsika ndi pakamwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masiku otsalawo adzadzaza okha. Pali nthano ya kabawi ndi thadzi limene linabwereka singano n'kuitaya, mwakuti mpaka lero limapalasa pansi kuifunafuna, kabawi akulanda anapiye ngati malipiro. Ana aisewere okha, ena anapiye, wina kabawi, fumbi lili koboo. Akatopa, awombe m'manja pogawa liwu m'maphatikizo ake: ta-mba-la, tha-dzi, dzi-ra. Chichewa chili ndi mwayi umene Chingerezi chilibe, wakuti chimalembedwa monga momwe chimatchulidwira, ndi mavawelo asanu okha. Mwana amene khutu lake lazolowera kumva maphatikizo amakhala atayenda kale theka la ulendo wa kuwerenga asanagwire buku. Mawu awiri atatu a Chingerezi angathe kulowa m'sabata yomweyi, moni ndi dzina la nkhukuyo, ndipo adzakhazikika chifukwa mwana akudziwa chimene akutchula.

Tsopano ndinene za phala, pakuti dzina lakuti mkombaphala silinabwere pachabe. Ola la phala ndi phunziro lalikulu pa tsiku lonse. Ana amafola kukasamba m'manja pa mpondagiya, amadikira nthawi yawo, wamkulu amathandiza wamng'ono kunyamula kapu yotentha, ndipo akatha aliyense amatsuka yake. M'midzi yambiri amayi amaphika mosinthana, ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya kapena nsinjiro, wochokera m'munda wa sukulu kapena wosonkha m'makomo. Bungwe la Mary's Meals, limene linayamba kudyetsa ana m'dziko muno m'chaka cha 2002, linamanga ntchito yake yonse pa mfundo imene mayi aliyense amaidziwa, yakuti mwana wanjala saphunzira ndipo sabwera n'komwe. Pitani mu Febuluwale ku sukulu imene ufa watha mukaone mphasa zili zokhazokha.

Sabata ya nkhuku imene ndafotokozayi imafuna munthu woidziwa ntchito yake, ndipo apa ndi pamene tonsefe tili ndi mlandu. Sukulu za m'midzi zinafala kwambiri m'zaka za m'ma 1990, pamene matenda a Edzi anasiya ana amasiye ochuluka ndipo midzi inafuna malo owasamalira. Boma linakhazikitsa ndondomeko yake ya m'mera mpoyamba m'chaka cha 2003. Koma alezi ambiri, amene makamaka ndi amayi, amagwira ntchitoyi mongodzipereka, ena ataphunzitsidwa kwa masabata ochepa, ena osaphunzitsidwa konse. Mayi wotere, amene wasiya munda wake m'mawa kuti asamale ana makumi anayi a eni ake, akasowa chochita amabwerera ku zimene akukumbuka za Sitandade 1 yake: "Nenani pambuyo panga." Ndipo akaona kuti makolo akusangalala ndi kulakatulako, apitiriza. Sindimuimba mlandu. Timanena mokoma kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma amene akuutsata mwambiwu tsiku ndi tsiku timamusiya wopanda ngakhale sopo wochapira chitenje chake. Komiti ya mudzi imene ingathe kusonkha chimanga cha phala ingathenso kukalimira mlezi munda wake, kufikira boma litachita mbali yake.

M'chaka cha 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Pa sukulu imene ndinkayang'anira, Sitandade 1 inali pansi pa mtengo, ana oposa 100 kwa mphunzitsi mmodzi. M'khamu lotero mphunzitsi alibe nthawi yofunafuna mwana aliyense. Amene ankapita patsogolo anali ana otha kukhala pansi n'kumvetsera nkhani mpaka kumapeto, otha kupempha kuti atuluke, otha kubwereka choko kwa mnzawo popanda ndewu, ndiponso, koposa zonse, osaopa kuimika dzanja n'kunena kuti sindinamve. Safunsa anadya phula. Ena amene anabwera ndi ndakatulo za Chingerezi pakamwa ankawala masabata awiri oyambirira, kenaka nyimbo zikatha ankasowa pogwira.

Kwa inu agogo anzanga amene muli pafupi ndi sukulu yotere, pali ntchito imene ikukudikirani. Lankhulani ndi a komiti ndi mlezi kuti akupatseni theka la ola Lachisanu, phala likatha. Pitani ndi nthano imodzi yokha, yaifupi, yokhala ndi kanyimbo koti ana azivomera, ndipo mukaimaliza mufunse mwana mmodzi aibwereze m'mawu ake, osamukonza akasokoneza. Mukatenge zitsononkho zopangira zidole, zitsekerero za mabotolo zowerengera, ndi dongo la kudambo. Dongolo mulinyowetse dzulo lake n'kulikulunga m'masamba a nthochi, chifukwa louma limawavuta ana a manja ang'onoang'ono kulikanda.