NDALAMA ZA ZIKONDWELELO M'MAKOMBONI: TIONETSENI LISITI

Azimai ndi azibambo a m'misika, inu a ku Soweto, City Market, Kamwala, Chilenje, Matero, Mtendere, Mandevu, Chawama ndi kwina konse:

Lelo tifuna tikambe za ndalama za boma ndi za khansolo zimene zimapita ku zochitika za m'makomboni: Tsiku la Azimai pa 8 March, Tsiku la Achinyamata pa 12 March, chikondwelelo cha ufulu pa 24 October, mipikisano ya bola m'mawadi, masiku oyeletsa, komanso ma grant amene amapatsidwa kumagulu. Mfundo yathu ni imodzi chabe. Ndalama izi ni zanu, ndiye muyenela kuona mmene zayendela, ngwee iliyonse, papepala lomatidwa pa geti ya msika.

Khansolo ilibe munda, ilibe mgodi. Ndalama zake zichokela ku malevi a m'misika ndi m'masiteshoni a basi, ku malaisensi a malonda, ku misonkho ya nyumba ndi malo, ndi ku thandizo lochokela ku boma lalikulu, limenenso ni msonkho wa ise tonse. Mukagula saladi, shuga kapena talk time, msonkho mwalipila kale.

Tiyeni tiwelengele pamodzi. Tiyelekeze kuti levi ni K5 patsiku, ndipo mugulitsa masiku 6 pa wiki. Pachaka mwapeleka K1,560. Msika ukakhala ndi matebulo 1,000, ndiye kuti K1,560,000 yatuluka mu vitenje vanu pachaka chimodzi. Ikani levi ya pamsika wanu ndi nambala ya matebulo anu, muone yankho. Manje tsiku limene mulibe lisiti ya levi mudziwa mmene nkhani imakhalila. Nanga n'chifukwa chiani ise tikafunsa lisiti ya ndalama zathu, ati tili ndi mwano?

Kulinso CDF. Mu 2021 constituency iliyonse inali kupatsidwa K1.6 miliyoni. Mu bajeti ya 2022 inakwela kufika K25.7 miliyoni, mu 2023 K28.3 miliyoni, mu 2024 K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 K36.1 miliyoni. Mu 2025 mu Lusaka munali ma constituency 7: Chawama, Kabwata, Kanyama, Lusaka Central, Mandevu, Matero ndi Munali. Mukachulukitsa, papepala ni ndalama zoposa K250 miliyoni mu 2025 chabe. Kukweza CDF sitikutsutsa, ni chinthu chabwino. Mbali yaikulu ni ya zomangamanga monga makalasi, zipatala ndi migodi ya madzi. Mbali ina ni ya mabasale a ana a sukulu ndi ophunzila ntchito zamanja. Mbali inanso ni ya magulu a azimai ndi achinyamata, mmene muli nkhongole zobweza ndi ma grant osabweza. Fomu iyambila ku komiti ya chitukuko ya wadi, imene tonse timati WDC, ipita ku komiti ya CDF ya constituency, ndipo khansolo ndiyo isunga ndalama ndi kulipila.

Pamene ndalama zachuluka chonchi, maso oyang'ana afunika achulukenso. Mphika ukakula, chivundikilo chakale sichikwananso.

Tonse tidziwa mmene tsiku la chikondwelelo limaonekela. Matenti aimikidwa, mipando ya pulasitiki yandandalikidwa, masipika alila, matisheti ndi vitenje vagawidwa. Akuluakulu akhala pamthunzi ndi madzi a m'botolo, azimai a pamsika aimilila padzuwa, avina, aomba m'manja. Madzulo galimoto zapita, tenti yapasulidwa, kwatsala mabotolo ndi mapepala. Amai amene anatseka tebulo kuti akaimbe ataya malonda a tsiku lonse, tomato wayamba kufewa, ndipo levi ya mawa iwayembekeza.

Mafunso athu ni osavuta. Tenti ija inabwelekedwa zingati, kwa ndani? Nkhuku ndi mpunga zimene alendo anadya zinagulidwa kuti? Matisheti anali angati papepala, ndipo anafika angati m'manja mwa anthu? Gulu limene linalandila grant lili ndi mamembala angati, akumana kuti, ndipo linayamba liti? Sitikamba kuti aliyense ni kawalala iyai. Muli anchito ambili m'makhansolo amene agwila mokhulupilika, ena malipilo ao amachedwa. Koma munthu wokhulupilika saopa kuonetsa buku lake. Pa chilimba chanu, amai osunga ndalama amawelenga poyela aliyense ali kuona, ndipo palibe amene amakwiya. Ngati azimai 12 akwanitsa kuchita izi ndi kabuku ka sukulu, ofesi imene ili ndi makompyuta ndi ma accountant ingalephele bwanji?

Ena pakati panu adzati, "Lekani zikondwelelo zonse, ndalama zipite ku zimbudzi." Tikumvani, ndipo muli ndi chifukwa. Tikumbuka kolela ya 2017 mpaka 2018, pamene misika inatsekedwa, asilikali analowa m'tauni, ndipo anthu anakhala panyumba mawiki kulibe chogulitsa. Tikumbuka kolela ya 2023 mpaka 2024, pamene Heroes Stadium inasanduka chipatala, masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka February, ndipo anthu oposa 700 anamwalila m'dziko muno. Tikumbuka moto wa mu July 2017 umene unapseleza City Market, katundu wa zaka zambili n'kusanduka phulusa usiku umodzi. Munthu amene anaona izi ali ndi ufulu wokwiya akaona tenti yatsopano pafupi ndi ngalande yotsekeka.

Koma zochitika za m'komboni zikayendetsedwa bwino, ni malonda anu. Onani mmene zimakhalila ku Showgrounds nthawi ya Agricultural and Commercial Show, kapena ku Mtenguleni pa Nc'wala mu February, kapena ku Mkaika pa Kulamba mu August. Pamene pasonkhana anthu, wa vitumbuwa agulitsa, wa chikanda agulitsa, wa michopo agulitsa, telala asoka, wa wilibala anyamula. Mpikisano wa bola pa giraundi ya wadi uchotsa anyamata ku tujilijili ndi ku njuga kwa wiki yathunthu, ndipo amai a maheu ndi ma freezit abwelela kunyumba ndi kanthu. Ndiye zikondwelelo zikhalepo. Chimene tikana ni chikondwelelo chimene ndalama yake yachokela mu Kanyama koma phindu lake likagona ku Kabulonga.

Nazi zimene tipempha. Zilibe mtundu wa chipani, ndipo zifunika kumanga khansala aliyense, olo akhale wa chipani chathu.

1. Bajeti ya chochitika chilichonse imatidwe pa bolodi ya msika ndi pa ofesi ya wadi masiku 14 tsiku lisanafike. Ilembedwe m'Chinyanja ndi m'Chibemba pamodzi ndi Chizungu, kuti ambuya ogulitsa kapenta aziwelengele okha.

2. Tsiku likapita, mkati mwa masiku 30, amate pepala lachiwili: zinagwilitsidwa ntchito zingati, analipidwa ndani, zatsala zingati.

3. Chakudya, makala, ndiwo, vitenje, kusoka mayunifomu ndi kunyamula katundu, ziyambe kugulidwa kwa amalonda a m'wadi momwemo. Kampani ya kutali ibwele pa zinthu zimene m'wadi mulibe.

4. Maina a magulu onse amene apempha grant aikidwe poyela, opambana ndi olephela omwe, pamodzi ndi chifukwa chake. Gulu lolephela lidziwe pamene linalakwitsa, kuti chaka chamawa likonze.

5. Pa chochitika cholipilidwa ndi ndalama za anthu pasakhale mbendela, nyimbo kapena chovala cha chipani chilichonse. Amene afuna kampeni atulutse ndalama m'thumba mwake.

6. Msika umene ulibe madzi ndi chimbudzi chogwila ntchito usalandile tenti ya chikondwelelo zinthu izi zisanakonzedwe. Mlendo wolemekezeka akabwela, ayambe wapita kukaona chimbudzi, ndiye akhale pampando.

Pa nambala 5 tikambepo pang'ono. Mu 2021 a President Hakainde Hichilema analonjeza kuti makada adzachoka m'misika ndi m'masiteshoni, ndipo khansolo ndiyo idzatenga malevi. Amalonda ambili anaomba m'manja, chifukwa anali atatopa ndi kulipila anyamata opanda lisiti. Manje lonjezo limenelo lifunika kufika mpaka ku mndandanda wa olandila ma grant ndi ogulitsa katundu pa zikondwelelo. Kada akachoka pa geti ya msika n'kukalowa mu fomu ngati "kopaletivu" imene inabadwa wiki yatha, ndiye kuti wasintha chabe jekete. Njila yodziwila ngati izi zichitika kapena sizichitika ni imodzi: maina aikidwe pa bolodi, inu mudzawadziwa, chifukwa mukhala nao m'komboni.

Tidziwa yankho limene lidzabwela kuchokela m'maofesi. Adzati malamulo ogulila katundu wa boma afuna wogulitsa wolembetsa, wokhala ndi TPIN ya ku ZRA, akaunti ya ku banki ndi mapepala ena, ndipo amai a patebulo alibe. Ni zoona, ndipo malamulo amenewo aliko kuti ateteze ndalama zathu. Koma chala chimodzi sichiswa nsabwe. Azimai ophika nshima mu laini imodzi angalembetse kopaletivu imodzi. Matelala a pamsika umodzi angachite chimodzimodzi. Kutenga TPIN kulibe malipilo. Magulu a chilimba ndi a village banking muli nao kale, mudziwana, mudziwa amene abweza ndi amene athawa. Chotsala ni pepala. Ndipo khansolo imene ikwanitsa kutuma munthu tsiku ndi tsiku kudzatenga levi, ingakwanitsenso kutuma munthu kamodzi pamwezi kudzathandiza amalonda kulemba mafomu pamsika pomwepo.

Adzatinso kumata mapepala ni ntchito yambili. Mu 2023 pamene anali kuchotsa ogulitsa m'misewu ya m'tauni, uthenga unafika kwa aliyense, pa wailesi, pa TV ndi pa masipika. Akafuna kuti mumve, mumamva. Pepala limodzi la bajeti silingawalemele.

Ndipo sitipempha chifundo, malamulo ali kumbali yanu. Lamulo la misika ndi masiteshoni a basi la 2007 liika misika m'manja mwa khansolo, ndipo lilola kuti pakhale mabodi oyendetsa misika mmene amalonda ali ndi owaimilila. Lamulo la makhansolo la 2019 ndilo linakhazikitsa ma WDC, ndipo oimilila mazoni m'makomiti amenewa amasankhidwa ndi anthu okhala m'dela. Misonkhano ya khansolo yonse ni yotsegukila anthu, mungapite ku Civic Centre pa Independence Avenue kukakhala ndi kumvetsela. Mu December 2023 kunasainidwa lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma. A Auditor General amafufuza mabuku a makhansolo ndi a CDF, koma lipoti lao limatuluka ndalama zitadyedwa kale. Diso la pamsika ndilo lingaone zinthu zikali kuchitika.

Vuto ni lakuti misonkhano imeneyi imachitika nthawi imene inu muli patebulo. Munthu amene anauka 04:00 kukaoda ku Soweto sangasiye lepu ifote kuti akakhale pa benchi maola atatu. Ndiye chitani monga muchita pamalilo: sankhani awili kapena atatu apite, otsala awagulitsile. Wiki ino apita awa, mwezi wamawa apita ena. Koma opitawo abwele ndi pepala m'manja, chifukwa kandimvelele anakanena za m'maluwa.

Wiki ino chitani zinthu zitatu. Choyamba, funsani acheyamani a msika wanu kuti tsiku limodzi pamatoledwa zingati, ndipo mulembe. Chachiwili, dziwani dzina la woimilila zoni yanu mu WDC ndi tsiku la msonkhano wotsatila. Chachitatu, khansala akabwela kudzakuitanani ku chikondwelelo, mulandileni mwaulemu, mumupatse mpando, ndiye mumufunse: "A khansala, bajeti yake ili kuti, ndipo chakudya mugula kwa ndani?" Akayankha bwino, pitani mukavine ndi mtima umodzi. Akayamba kuzungulila, lembani tsiku ndi zimene wakamba, musunge. Bajeti ya khansolo imakonzedwa chakumapeto kwa chaka kuti iyambe mu January, ndiye mau anu afunika kufika nthawi imeneyo isanakwane.

Masankho akayandikila, zikondwelelo zimachuluka, vitenje vimachuluka, ndipo aliyense amakumbuka kuti amalonda ni "amai athu". Chitenje landilani, ni ndalama zanu zomwe. Koma chitenje chimatha, ndipo ngalande yotsekeka idzakuyembekezani mvula ikayamba mu November.

Tiuzeni pansipa: msika wanu ni uti, levi ni zingati, ndipo munaonapo bajeti ya chikondwelelo chilichonse itamatidwa pa bolodi? Tumizani uthenga uyu ku gulu lanu la chilimba, ndipo muwawelengele amene alibe foni. Mugulitse bwino lelo.