Wansembe akalakwira mwana: ku polisi kaye, kwa bishopu pambuyo

Nkhani ya ansembe ogwirira ana ikangobuka, kaya ndi pa wailesi, m'minibasi yochokera ku Kanyama, kapena pa msonkhano wa mphakati Lamlungu masana, anthu sachedwa kugawikana pawiri. Ena amati ansembe onse ndi amodzimodzi, angomangidwa basi. Ena amati amenewa ndi adani a Mpingo, akufuna kutinyozetsa, tiyeni tingopemphera. Posakhalitsa onse amakhala akulimbirana ulemu wa Mpingo, mwana uja ataiwalika kale. Mkangano woterewu umanditopetsa, chifukwa funso lake si lovuta monga tikulichitira.

Maganizo anga ndinene msanga. Munthu akanena kuti wansembe wogwirira mwana alangidwe, Mkatolika ayenera kuvomera, ndipo avomere mokweza kuposa wina aliyense. Nkhaniyo ifike ku polisi tsiku lomwelo, bishopu amve pambuyo pake, ndipo amene anadziwa n'kubisa nayenso ayankhe mlandu wake.

Lamulo la dziko la Zambia silinasiye mpata. Gawo 138 la Penal Code limati wogona ndi mwana wosakwana zaka 16 akhale m'ndende zaka zosachepera 15, ndipo khoti lingathe kumutsekera moyo wake wonse. Chilango chimenechi chinakhwimitsidwa mu 2005. Palibe pamene lamuloli limapatula munthu wovala mkanjo. Kondakitala wa minibasi akachita zimenezi ku Chawama, tonse timadziwa kumene amapita, ndipo palibe amene amati timusamutsire ku msewu wa Matero kuti akasinthe khalidwe.

Yankho limene limamveka kwambiri ndi lakuti zimenezi ndi za azungu. Zoonadi, ziwerengero zodziwika bwino n'zochokera kwawoko. Ku Pennsylvania, m'dziko la America, lipoti la mu Ogasiti 2018 linatchula ansembe oposa 300 amene anachitira nkhanza ana oposa 1,000 m'madayosizi asanu ndi imodzi. Ku France, komiti ya Jean-Marc Sauvé inanena mu Okutobala 2021 kuti ana pafupifupi 216,000 anagwiriridwa ndi ansembe, abulazala ndi asisitere kuyambira 1950. Koma ziwerengero zimenezi sizinadzitulukire zokha. Atolankhani, makhoti ndi ogwiriridwa eni ake atakula ndiwo anakakamiza kuti makabati a m'maofesi a mabishopu atsegulidwe. Ngakhale ku Ireland, dziko limene linatumiza amishonale ambiri kuno, panapita zaka makumi angapo kuti malipoti a Ryan ndi Murphy a mu 2009 aulule zimene anawo ankadziwa kale. Ndiye amene akulumbira kuti kwathu kuno kulibe, anatsegulapo kabati iti? Pa msonkhano umene Papa Francis anaitanitsa ku Vatican mu Febuluwale 2019, sisitere wa ku Nigeria, Veronica Openibo, anauza mabishopu pamaso kuti asadzinamize kuti vutoli mu Africa mulibe, pakuti iye mwini anamva nkhani zotere pa ntchito yake. Mayi ameneyu si mzungu, ndipo si mdani wa Mpingo.

Chimene malipoti onsewa anapeza mobwerezabwereza ndi njira imene nkhani inkaphedwera. Kholo linkadandaula kwa akuluakulu a Mpingo, iwo n'kulonjeza kuti aona chochita, wansembeyo n'kusamutsidwa mwakachetechete kupita ku parishi ina kumene anthu sankamudziwa. John Geoghan wa ku Boston anayendetsedwa chonchi kwa zaka pafupifupi 30, ndipo anthu oposa 130 anadzanena kuti anawagwirira ali ana. Nyuzipepala ya Boston Globe itaulula zimenezi mu Januwale 2002, Kadinala Bernard Law anatula pansi udindo chaka chisanathe. Ana ambiri mwa amenewo akanapulumuka kholo loyamba lija likanapita ku polisi m'malo mopita kwa bishopu.

Tsopano tibwere ku komboni, pakuti kuno chete amagulika motsika mtengo. Taganizirani mnyamata wa zaka 12 wotumikira Misa. Amadzuka kukadali mdima kuti akakonze pa guwa. Yunifolomu ya ku sukulu anamugulira ndi Abambo. Magetsi akazima m'dera lonse, kunyumba ya ansembe n'kumene kumawala, ndipo anyamata amapita kukaonera mpira. Mayi ake amagulitsa tomato pamsika, Lamlungu amavala chitenje cha gulu lawo la amayi, ndipo amanyadira kuti mwana wawo sali kumalo omwera mowa. Tsiku lina mnyamatayo akana kupita kutchalitchi, osanena chifukwa. Akadzaulula, kodi mayiyo ayambira pati? Amalume amati tikambirane ngati banja. Mkulu wina wa komiti ya parishi amabwera madzulo, n'kukhala pampando umodzi wokhawo wa m'nyumbamo, n'kuyamba ndi pemphero. Amati mayi, musachititse Mpingo manyazi, ganizirani tsogolo la mwanayu, adzamuseka anzake. Mwina pochoka amasiya envulopu. Mayiyo akapitabe ku polisi, akudziwa kuti ataya thandizo la sukulu, ataya anzake a kumphakati amene amabwera pa maliro ndi ufa ndi makala, ndipo kumpopi kumene amatunga madzi adzamunena kuti ndi mkazi wofuna ndalama. Ndi chifukwa chake ndimakwiya ndikamva munthu wophunzira akufunsa kuti ngati zinachitikadi, bwanji sananene nthawi yomweyo. Wofunsayo sanakhalepo m'chipinda chimodzi cha lendi, chakudya cha mawa chikudalira munthu yemweyo amene akufunika kumuneneza.

Otsutsa ali nazo mfundo zawo, ndipo ziwiri mwa izo n'zoyenera kuzimvetsera.

Yoyamba ndi ya kunamiziridwa. Kadinala George Pell wa ku Australia anapezeka wolakwa mu Disembala 2018, n'kukhala m'ndende kupitirira chaka, kenako khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linamumasula mu Epulo 2020. Ndipo ife a mu Lusaka tikudziwa zimene mphekesera imachita. Kumayambiriro kwa 2020, nthawi ija kunamveka zoti kuli anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku, anthu makumi angapo anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya m'dziko muno, ena kungoti anali alendo pamalopo. Wansembe amene dzina lake layamba kuyenda pa WhatsApp ku Mtendere ali ndi chifukwa chomveka choopera. Komatu taonani amene anamasula Pell: ndi khoti, litapenda umboni poyera. Mphekesera imakula pamene anthu akudziwa kuti nkhani sipita kulikonse. Wansembe wosalakwa amatetezeka kwambiri apolisi akafufuza ndi dokotala akalemba zimene wapeza, kusiyana ndi kusamutsidwa usiku, anthu n'kutsala akunong'onezana mpaka atamwalira.

Yachiwiri ndi ya ndale. Mpingo wa Katolika wakhala ukulankhula pamene ena atseka pakamwa. Mabishopu a ku Malawi analemba kalata ya mu Malichi 1992 imene inagwedeza ulamuliro wa Kamuzu Banda. Kuno mu 2001 Mpingo unali mu Oasis Forum imene inaletsa Frederick Chiluba kuimanso kachitatu. Mu 2023 mkulu wina wa chipani cholamula anafika potcha Akibishopu Alick Banda kuti Lusifala. Choncho Mkatolika akamakayikira kuti ena angagwiritse ntchito nkhani ya ana pofuna kutseka mabishopu pakamwa, sakulota ayi. Koma mphamvu ya makalata onse aja inali yakuti palibe munthu woposa lamulo. Bishopu amene wabisa wansembe wake ndiye wapatsa andale chikwapu chomukwapulira, ndipo tsiku limene adzadzudzule katangale adzamufunsa za mwana uja. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mfundo zina zotsalazo sizichedwetsa. Akuti amalume, aphunzitsi ndi aneneri a m'matchalitchi a m'makalasi amachita zoposa. Inde, ana ambiri amalakwiridwa ndi anthu a kunyumba kwawo, ndipo onsewo amangidwe. Sindinamvepo wakuba akumasulidwa chifukwa choti akuba ndi ambiri. Akuti Mpingo wachita zabwino zambiri, masukulu monga Matero Boys, malo osamalira odwala monga aja a ku Kalingalinga. Wachitadi, ndipo ansembe ochuluka amagwira ntchito yawo mokhulupirika m'malo amene boma limafikako nthawi ya kampeni yokha. Zabwinozo sizinachitidwe kuti zidzakhale malipiro a mwana wa munthu. Enanso amathamangira ku salimo lija lonena za odzozedwa a Mulungu, koma mutu 18 wa Mateyu, pamene pali nkhani ya mphero ndi olakwitsa ana, amaudumpha.

Ndiye pali chikhululukiro, chimene ambiri amachigwira mozondotsa. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anawomberedwa ndi Mehmet Ali Ağca pa 13 Meyi 1981. Mu Disembala 1983 anapita kundende kukamuona, atamukhululukira kale. Atamaliza kucheza, Papa anabwerera kwawo, Ağca n'kutsala momwemo, ndipo anakhala m'ndende ya ku Italy mpaka chaka cha 2000. Palibe anaona kuti ziwirizi zikutsutsana. Kuno tinaonanso chikhululukiro cha mtundu wina. Woimba Clifford Dimba, wodziwika kuti General Kanene, anagamulidwa zaka 18 mu 2014 chifukwa chogwirira mtsikana wa zaka 14. Chaka chotsatira Pulezidenti Edgar Lungu anamutulutsa n'kumupatsa udindo woti azitsogolera polimbana ndi nkhanza zochitira amayi ndi atsikana, mpaka akatswiri a United Nations anadandaula poyera. Anthu ambiri ananyansidwa nazo, ndipo ankalondola. Kukhululuka ndi kwa mwini bala, pa nthawi yake; komiti ya parishi ilibe ufulu womukhululukira wina m'malo mwake.

Asatiuzenso kuti Mpingo sufulumira pa zolanga. Emmanuel Milingo anali akibishopu wa Lusaka kuyambira 1969 mpaka 1983. Atadzoza amuna anayi okwatira kukhala mabishopu ku Washington mu Seputembala 2006, Vatican inalengeza patangopita masiku awiri kuti wadzichotsa mu Mpingo, ndipo mu 2009 anamuvula unsembe. Dziko lonse linamva, ndipo palibe anati tibise kuti tisakhumudwitse akhristu. Ngati dongosolo la Mpingo likatetezedwa mwachangu chotere, thupi la mwana lingadikire bwanji zaka?

Chodabwitsa n'chakuti amene amati akuteteza Mpingo pokhala chete akutsalira m'mbuyo mwa Mpingo womwewo. Papa Francis, amene mu Januwale 2018 anatcha madandaulo a ogwiriridwa a ku Chile kuti ndi miseche, anapepesa patapita miyezi yochepa, ndipo mu Meyi chaka chomwecho mabishopu a dzikolo anapereka makalata otula pansi udindo. Mu Meyi 2019 anatulutsa lamulo lotchedwa Vos estis lux mundi. Lamuloli limati dayosizi iliyonse ikhale ndi njira yodziwika ndi yosavuta kufikira yolandirira madandaulo, wansembe kapena sisitere amene wamva nkhani yotere ainene kwa akuluakulu, wodandaula asauzidwe kuti akhale chete, ndipo bishopu wobisa afufuzidwe. Mu Disembala 2019 anachotsa chinsinsi cha upapa pa milandu imeneyi. Kufooka kwa lamuloli n'kwakuti silikakamiza kupita ku polisi, limangoti malamulo a dziko atsatidwe, ndipo ofufuza bishopu amakhala mabishopu anzake. Mpata umenewu ndi umene akhristu wamba ayenera kutseka ndi miyendo yawo. Chinsinsi cha m'sakramenti la kulapa chilipo ndithu, koma chimathera m'kachipinda kolapira. Zimene mayi wanena mu ofesi ya bambo mfumu Lachiwiri m'mawa si kulapa.

Makhoti athu anasonyezanso kale kuti bungwe lingathe kuyankha mlandu wa wantchito wake. Mu 2008 Khoti Lalikulu mu Lusaka, pamaso pa woweruza Phillip Musonda, linagamula nkhani ya mtsikana amene anagwiriridwa ndi mphunzitsi wake ali ndi zaka 13. Zinadziwika kuti akuluakulu a pasukulupo anamvapo kale za khalidwe la mphunzitsiyo. Khoti linalamula chipukutamisozi cha K45 miliyoni ya ndalama zakale, ndipo boma silinathe kudzichotsapo. Dayosizi imene ikuganiza kuti kusamutsa munthu ndi kutseka nkhani iwerenge chigamulo chimenecho. Mlandu suola.

Chaka chilichonse pa 3 Juni timakumbukira Omfera a ku Uganda, ndipo ana athu ambiri timawatcha Kizito. Sitikonda kufotokoza bwinobwino chimene chinachitika. Mwa zimene zinakwiyitsa Kabaka Mwanga chinali chakuti Charles Lwanga ankatchinjiriza anyamata a kunyumba ya mfumu kuti isagone nawo, ndipo anyamatawo anakana. Anawotchedwa ku Namugongo mu 1886, Kizito ali ndi zaka pafupifupi 14. Tinawaika m'gulu la oyera mu 1964. Mkatolika amene amatsekereza mwana pakamwa kuti ateteze munthu wamkulu adzifunse kuti m'nkhani imeneyi akanaima kumbali ya yani.

Pa msonkhano wotsatira wa komiti ya parishi, wina aimirire n'kufunsa mwaulemu: Abambo, amene amalandira madandaulo otere mu dayosizi yathu ndani, ndipo nambala yake bwanji palibe pa bolodi la zolengeza? Afunsenso chifukwa chake mwana amalowa yekha m'nyumba ya ansembe. Pa bolodi lomwelo palembedwe 116, nambala yaulere ya ana, komanso kumene kuli Victim Support Unit yapafupi. Mwana wogwiriridwa ayenera kufika kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala omuteteza ku kachilombo ka HIV, ndiponso kuti dokotala apeze umboni usanafufutike. Misonkhano ya amalume ndi akuluakulu a mpingo imatenga sabata yathunthu.